Makina amasewera a ku McDonald's aja

Achemwali, mwafunsa mmene mungadziwire masewera amene munkasewera kale aja. Makina amene munkaseweretsa kumalo odyera a McDonald's ku America cha m'ma 2000 aja ayenera kuti anali Nintendo 64 kapena GameCube. Kuti musiyanitse, yambani mwakumbukira chogwirira cha m'manja chija. Cha Nintendo 64, yomwe inatuluka mu 1996, chili ndi nyanga zitatu, kandodo koyendetsera kali pa nyanga yapakati. Cha GameCube ya mu 2001 chili ndi batani lalikulu lobiriwira lolembedwa A, ndi kena kofiira ka B pambali pake.

Mukadziwa zimenezi, pitani pa MobyGames, tsamba la pa intaneti losunga mndandanda wa masewera apakanema, musankhe makinawo ndi chaka, muziyang'ana zithunzi. Kenako onerani pa YouTube mawu ali otsegula. Ine kwa zaka zambiri chimene ndinkakumbukira chinali timagalimoto totsetsereka pa ayisi ndi mapengwini otchinga njira basi. Tsiku lomwe ndinamva kanyimbo ka Sherbet Land, bwalo la ayisi la m'masewera a mpikisano wa magalimoto a Mario Kart 64, mtima unangoti myuu, ngakhale fungo la tchipisi linabwerera.

Ngati makinawo anali ongodina pagalasi ndi chala, ntchito ilipo, chifukwa ambiri mwa masewera amenewo sankagulitsidwa m'sitolo. Funsani amayi zithunzi za maphwando a tsiku lobadwa, muyang'ane kuseri kwa anawo ngati makinawo akuoneka.

Mukapeza makinawo pa eBay, msika wa pa intaneti, n'kugula, chonde musatsegule nokha TV yake. TV zakale zachinunda zija zimasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi. Itanani katswiri wokonza TV.