Mfuti ya Sharps ya pa ngongole

Funso: "Ndimayendetsa thiraki kuno ku Texas. Pa chionetsero cha mfuti ndapeza Sharps yakale ya mtundu wa 1874, yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, pa madola 9,000. Wogulitsa akuti inali ya alenje a njati ndipo inamenya nawo nkhondo ya ku Adobe Walls. Ndikufuna kulipira ndi kirediti kadi, ndidzaigulitse pakatha zaka ziwiri. Kodi mitengo ya mfuti zakalezi ikukwera?"

Yankho: Achimwene, zakukwera kwa mitengozo tiziike kaye pambali. Funso limene mukanandifunsa ndi lakuti pepala la umboni wa mbiri ya mfutiyo lili kuti.

Nkhondo ya ku Adobe Walls inachitikadi mu 1874, komweko ku Texas. Ankhondo a Comanche, Kiowa ndi Cheyenne, mitundu ya eni nthaka a ku America, anazinga alenje a njati, ndipo Billy Dixon anatchuka pogwetsa munthu pa kavalo ali kutali zedi, ndi mfuti ya Sharps. Koma ozingidwawo sanakwane ngakhale 30. Mwayi woti mfuti ya patebulo ija ndi imodzi mwa zawo ndi wochepetsetsa, ndipo inu mukufuna kulipira nkhani ya pakamwa ngati ili ndi umboni.

Kampani ya Sharps inatseka mu 1881, koma mabuku ake olembamo manambala a mfuti akadalipo. Osonkhanitsa mfuti enieni amaitanitsa kwa osunga mabukuwo kalata yonena tsiku limene mfuti ya nambala imeneyo inatuluka m'fakitale, kukula kwa chipolopolo chake, kutalika kwa mpope, ndi amene anatumiziridwa. Zikasemphana ndi zimene zili m'manja mwanu, ndiye kuti wina anasinthapo zitsulo. Zilipo zambiri za asilikali zimene zinakonzedwanso kuti zioneke za ulenje. Zina anazipala ndi kuzipaka mwatsopano, ndipo kuwala kumeneko kumagwetsa mtengo. Musaiwalenso kuti makampani a Shiloh ku Montana ndi Pedersoli ku Italy akupangabe ma Sharps atsopano lero lino.

Za mapepalazi ndimazinena mpaka kusasa mawu, kaya kwa wa golosale kaya kwa wogula puloti. Timakhulupirira nkhope ya wogulitsa, risiti n'kuitaya m'galimoto. Tsiku logulitsa, wogulayo sadzamuona bambo wa pachionetsero uja. Adzaona inu ndi envulopu yanu. Ikakhala yopanda kanthu, mtengo adzatchula ndi iye.

Tsono kadiyo. Tingoyerekeza kuti chiwongoladzanja ndi 24 peresenti. Pa 9,000 ndi madola 2,000 ndi kanthu pachaka, zaka ziwiri n'kupitirira 4,000. Mfuti ili m'kabati siibereka. Mumaonjezanso ndalama ya inshuwalansi ndi bokosi lokhoma. Mukapita nayo ku okushoni, iwonso amadulapo yawo. Kuti mungobweza zanu, iyenera kugulidwa pafupifupi 15,000. Kodi mwaonapo Sharps yopanda kalata ikudumpha chonchi pa zaka ziwiri? Ndipo kumudzi akaimba foni za maliro kapena fizi, mudzaigulitsa mwachangu kwa aliyense wobwera.

Ndikuona kuti mfutizi mumazikonda, ndipo chimenecho si cholakwa. Yambani ndi mfuti zina zakale monga Springfield Trapdoor ya 1873 kapena Remington Rolling Block. Zinapangidwa zochuluka, sizidula ngati Sharps, ndipo mungagule ndi ndalama yanuyanu n'kuphunzirirapo kuwerenga zizindikiro za pa chitsulo. Kwa wa Sharps uja, kapempheni nambala ya mfutiyo, muitanitse kalata musanatulutse ngakhale dola imodzi. Akakana kukupatsani nambala, kadiyo ibwezereni m'thumba.