Valavu ya tizitseko tiwiri: MRI ikaona chiyani chimene echo sinaone?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, watilembera pa imelo. Amuna awo, a zaka 41, anawajambula echo (kujambula mtima pogwiritsa ntchito mafunde a mawu) dokotala atamva phokoso lachilendo mumtima. Zotsatira zikuti valavu ya aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima, ili ndi tizitseko tiwiri m'malo mwa titatu, ndipo mtsemphawo wakula kufika 43 mm. Tsopano auzidwa kuti akajambulitsenso MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito. Akufunsa kuti: "Ndalama zake n'zambiri. Echo yaona kale vutolo, nanga MRI ikaonanso chiyani? Ndipo zoyeza kayendedwe ka magazi zimene adokotala akunenazo n'zotani?"

Mayi, ndalamazo sizipita pachabe, bola muyezowo uchitike bwino.

Vutoli munthu amabadwa nalo, ndipo limapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, makamaka amuna. Tizitseko tiwiri mwa titatu timamatana, ndiye magazi potuluka mumtima sadutsa pakatikati koma amapendekera mbali imodzi, monga amachitira madzi mukatseka theka la kukamwa kwa payipi yothirira dimba ndi chala. Nthawi zambiri timene timamatana ndi kakumanja ndi kakumanzere, ndipo magazi amakawomba khoma lakutsogolo chakumanja kwa aorta, kenako n'kumakwera mozungulira. Khomalo likamawombedwa choncho zaka ndi zaka, komanso poti mwa ena ndi lofooka chibadwire, mtsempha umafutukuka.

Echo imaona bwino valavu ndi tsinde la aorta. Koma chakumtunda, fupa la pachifuwa ndi mapapo zimatchinga, pamene mtsempha nthawi zambiri umakula kwambiri komweko. 43 mm ija mwina ndi pamene echo inalekezera kuona. MRI imaona mtsempha wonse, kuphatikizapo pamene ukhota ndi pamene utsika, ndipo imagwira vuto lina loyendera limodzi ndi ili, la kupanikizika kwa aorta kotchedwa coarctation. Kuno kwathu palinso china: matenda a mtima a rheumatic, amene amayamba ndi matenda a pakhosi osachizidwa bwino, ndi ofala, ndipo nawonso amamatanitsa tizitseko mpaka valavu kuoneka ngati ya tiwiri. MRI imajambula valavu ikutseguka, n'kuthandiza kusiyanitsa.

Tsopano za kayendedwe ka magazi. Njira yake imatchedwa phase contrast. Wojambula amasankha malo amodzi opingasa mtsempha, makina n'kuyeza liwiro la magazi pa kadontho kalikonse ka chithunzicho, kuyambira mtima ukafinya mpaka ukamasuka. Potero timadziwa mamililita a magazi opita kutsogolo pa kugunda kumodzi, obwerera m'mbuyo ngati valavu ikudontha, ndi liwiro lapamwamba. Mwachitsanzo, akatuluka 90 ml n'kubwerera 30 ml, ndiye kuti gawo limodzi mwa atatu likubwerera, ndipo apo dokotala wa mtima amayamba kuyang'anitsitsa. Liwiro likafika mamita 4 pa sekondi, valavu yathina kwambiri.

Apa ndi pamene zinthu zimalakwika. Makina amafuna kuuzidwa pasadakhale liwiro lalikulu loti ayembekezere, lotchedwa VENC. Kwa munthu wa valavu yabwinobwino, 150 cm pa sekondi imakwana. Kwa valavu yothina pamafunika 300, 400 kapena kuposa. VENC ikachepa, magazi othamanga kwambiri amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo, pakati pa malo owala pamatuluka banga lakuda, ndipo masamu onse amasokonekera. Ikachuluka mopyola, magazi oyenda pang'onopang'ono, monga odontha aja, sayezeka bwino. Wojambula wodziwa ntchito amayamba ndi yochepa n'kumakweza mpaka bangalo litatha, ndipo akafuna kuyeza kudontha amajambulanso padera.

Malo oyezera nawonso ndi nkhani. Mwa anthu a valavu yotereyi, mukayeza kumtunda kumene magazi ayamba kale kuzungulira, chiwerengero cha opita kutsogolo chimatuluka chochepa kuposa chenicheni. Ndi bwino kuyeza pafupi ndi valavu, kenako kuyerekeza ndi magazi amene chipinda chakumanzere cha mtima chikupopa. Ziwirizi zikasiyana kwambiri, muyezo wina walakwika. Dziwaninso kuti pa liwiro lapamwamba MRI imakonda kupereka nambala yotsika poyerekeza ndi echo, choncho echo ija musaitaye. Pa kuthina echo ndiyo imatsogola. Pa kudontha ndi kukula kwa mtsempha, MRI.

Mwina mwaonapo pa intaneti zithunzi zamitundumitundu za magazi akuzungulira mu aorta. Imeneyo ndi 4D flow. Imayeza mbali zonse nthawi imodzi, munthu akupuma mwachibadwa kwa mphindi pafupifupi 10, ndipo imasonyeza pamene magazi akukhula khoma mwamphamvu. N'zopatsa chidwi ndithu, koma mpaka pano opaleshoni sagamulira pa zimenezo. Akakuuzani kuti makina awo alibe 4D flow, musataye mtima kapena kuyamba kufunafuna ya basi yopita ku Johannesburg.

Chimene amagamulira ndi kukula kwa mtsempha. Opaleshoni ya aorta imalangizidwa pa 55 mm. Imatsika kufika 50 mm ngati pali zina zoopsa, monga wachibale amene aorta inang'ambikapo, coarctation, kapena mtsempha kukula 3 mm kapena kuposa pachaka. Ngati valavu yokhayo ikufunika kale kusinthidwa, amakonzeratu mtsempha pa 45 mm. Pa 43 mm, bambo ali pagulu loyang'aniridwa, ndipo adzajambulidwanso pakatha miyezi 6 mpaka chaka.

N'chifukwa chake lipoti liyenera kunena malo enieni amene anayeza komanso njira yake. Kusiyana kwa 1 kapena 2 mm kutha kubwera chifukwa cha kayezedwe chabe, makamaka poyerekeza echo ndi MRI. Pemphani zithunzi pa CD kuwonjezera pa pepala, ndipo muzisunge kuti ulendo wotsatira adzayeze pamalo omwewo.

Tsikulo bambo adzagona chagada kwa mphindi 45 mpaka ola, atamatidwa mawaya a ECG pachifuwa, ndipo adzauzidwa kambirimbiri kugwira mpweya kwa masekondi 10 mpaka 20. Ayeserere kunyumba, chifukwa kupuma pakati pa muyezo kumaononga chithunzi. Anene ngati ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino), ngati anagwirapo ntchito yowotcherera kapena kugaya zitsulo tizidutswa n'kulowa m'maso, kapena ngati mtima umagunda modumphadumpha. Kuyeza kayendedwe ka magazi kokhako sikufuna mankhwala obaya, koma akafuna kubaya gadolinium, mankhwala othandiza kuti chithunzi chioneke bwino, amayamba aona mmene impso zikugwirira ntchito.

Pakadali pano BP isamakwere, fodya asiye, ndipo apewe kunyamula zolemera zochita kubanika nazo. Akamva ululu wadzidzidzi wong'amba pachifuwa kapena kumsana, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo pofika munene kuti ali ndi aorta yokula. Vutoli limayenda m'banja, choncho ana anu, achimwene ndi achemwali awo a bambo, ngakhale amene ali kumudzi ku Malawi, akajambulitse echo kamodzi.