Funsani Malume: Kodi banjo yanga ingandidyetse m'misewu ya kunja?

Malume, ndine mnyamata wa zaka 26 wa kwa Mpondasi kuno ku Mangochi, ndipo ndakhala ndikuimba banjo yopanga ndekha kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mkati mwa sabata ndimaimba pa depoti ndi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene Loweruka ndimakwera matola kupita ku Cape Maclear kukaimbira alendo. Mzungu wina wa ku Germany atandimva anandiuza kuti kwawo woimba ngati ine amangoika chipewa pansi, ndipo dzuwa likamalowa chimakhala chitadzaza ndalama. Chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo. Ndikuganiza zogulitsa bwato limene anandisiyira malemu bambo anga kuti ndipeze pasipoti ndi ya ulendo, ndiyambire ku Joni, kenako ndiwolokere ku Ulaya, ndizikayenda mzinda ndi mzinda ndikuimba m'misewu. Kodi zimenezi n'zotheka, nanga ndiyambire pati?

Wa banjo, kwa Mpondasi

Mphwanga, ndiyambe ndi bwatolo: musaligulitse. Mlendo uja sanakunamizeni, popeza alipodi anthu amene amadya za m'chipewa m'mizinda ya ku Ulaya, koma iye ankalankhula ngati mwini dziko, amene pasipoti yake imamulola kukhala ndi kugwira ntchito kuchokera ku Lisbon mpaka ku Helsinki popanda womufunsa. Inu musanafike poika chipewa pansi muli ndi makomo awiri oti mudutse, lina la boma la dzikolo, lina la khonsolo ya mzinda, ndipo kiyi wa khomo limodzi satsekula linzake.

Khomo la boma ndilo lolimba kwambiri. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ngati mlendo wodzacheza, ndipo chidindo chimenecho sichimuloleza kugwira ntchito. Kuyambira mu 2014, amene wapitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ndipo za Lindela, malo otsekera alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, sindikuona chifukwa chofotokozera munthu wa ku Mangochi, kumene anyamata ambiri amadziwa njira ya ku Joni kuposa ya ku Lilongwe. Ganizo lanu lowoloka kuchokera kumeneko lilinso ndi chilema chachikulu, chifukwa viza ya ku Ulaya munthu amapemphera m'dziko limene amakhala movomerezeka. Wolowa Joni pa masiku 30 adzangouzidwa kuti abwerere kwawo akapemphere kumeneko.

Viza ya maiko a Schengen, monga Germany, France ndi Italy, imalipiridwa ma euro 90 kuyambira mu June 2024, ndipo akakukanani ndalamayo sibwezedwa. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yotha kukulipirirani mpaka ma euro osachepera 30,000, umboni wa ku banki, malo okagona, ndi chinthu chowatsimikizira kuti mudzabwerera. Akakupatsani, simungapitirire masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndiponso viza ya mlendo si chilolezo chopezera ndalama. Ku Britain kuli viza yakeyake, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito, kupatula ngati ali katswiri woitanidwa ndi bungwe la kumeneko kukachita ntchito yolipidwa, imene ayenera kuimaliza m'mwezi woyamba. Mawu oti "woitanidwa" muwasunge, chifukwa ndibwererako.

Tiyerekeze kuti khomo loyambalo mwadutsa. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo msewu umene umaoneka ngati wa aliyense uli ndi mwini wake. M'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku London, kuimba kunavomerezedwa mu 2003, koma kwa okhawo amene apambana mayeso pamaso pa oweruza, ndipo aliyense amapatsidwa malo ndi nthawi yake. Ku Paris kampani ya sitima ya RATP yakhala ikuyesa oimba kuyambira mu 1997, kawiri pa chaka, n'kusankhapo pafupifupi 300 okha. Ku Munich, kwawo kwa mlendo wanuyo ngati ali wa kummwera, woimba amayamba wamvedwa ndi akuluakulu a mzinda, ndipo akalandira chilolezo amayenera kusamuka pamalo ola lililonse kuti eni masitolo asatope naye. Ngakhale malo otchuka amatha kutsekedwa: mu April 2025 kuimba kunaimitsidwa pa Leicester Square ku London khothi litagwirizana ndi ogwira ntchito m'maofesi apafupi amene ankadandaula za phokoso. Ku Cape Town nako, pa V&A Waterfront amayesa oimba asanawalole, ndipo mu 2013 dziko lonse la South Africa linakwiya apolisi a mzindawo ataswa gitala ya woimba wina wosaona pa mkangano wa chilolezo chake. Ngati zinachitikira mwana wa m'dzikomo, mlendo wopanda mapepala angadandaule kwa yani?

Pali zina ziwiri zimene mlendo wanu sanatchule. Anthu a ku Ulaya ayamba kusiya kuyenda ndi ndalama m'thumba, mwakuti mu 2018 mzinda wa London unayamba kuthandiza oimba a m'misewu kukhala ndi timakina tolandirira ndalama pa khadi, koma kamakinako kamafuna akaunti ya ku banki ya komweko, imene mlendo wa miyezi itatu sangaitsekule mosavuta. China ndi nyengo. Ntchitoyi imayenda bwino kuyambira June mpaka August, pamene kuyambira December mpaka February kumazizira mpaka madzi kuuma, ndipo zala zimene zinakulira m'kutentha kwa October wa ku Mangochi sizingakhudze nsambo kwa ola lathunthu. Pogona napo m'mizinda imeneyi pamadya za m'chipewa zisanafike pakamwa.

Musaganize kuti ndikukutsekerani njira, chifukwa Amalawi oimba m'misewu afikadi kunja, ndipo ndi bwino tione mmene anafikira. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba kwa zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni (chida chachikulu cha nsambo imodzi) ndi gitala, ndipo ulendo wawo woyamba kunja unali wa ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kumene kunatsekula njira ya ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika chifukwa cha kanema wojambulidwa m'mbali mwa nyanja yomweyi, amene anaonedwa ndi anthu miyandamiyanda pa intaneti. Lazarus Chigwandali ankaimba m'misewu ya Lilongwe mpaka anajambula nyimbo ndi Johan Hugo, ndipo kanema wa moyo wake anaonetsedwa ku New York mu 2019. A Malawi Mouse Boys anapezedwa ndi Ian Brennan akugulitsa mbewa m'mbali mwa msewu, ndipo mu 2013 anakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha WOMAD ku England. Nkhaniyi ndi yakale ndithu, popeza mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba akuimba ku Blantyre, ndipo pambuyo pake Donald anayenda naye m'maiko ambiri. Mwa onsewa palibe amene anakwera ndege kukasaka msewu. Onse anamvedwa ali kwawo, anaitanidwa, ndipo chimene chinawaitanitsa ndi kaimbidwe kamene kunjako kulibe.

Pamenepa mpamene ndikuona kuti muli ndi chuma chimene mwina simukuchiwerengera. Woimba nyimbo za Chingerezi pa gitala ku Berlin ndi mmodzi mwa mazana, koma woimba m'Chiyao ndi m'Chichewa pa banjo yosema yekha, ndi kugunda kwa beni kapena manganje, alibe wopikisana naye. Choncho pezani mnzanu wa foni yabwino akujambuleni m'mawa mphepo isanayambe, nyimbo zanu zitatu kapena zinayi, muziike pa YouTube ndi pa Facebook ndi dzina limodzi losasintha, kuti mlendo wokumvani ku Chembe ku Cape Maclear akakupezeni atabwerera kwawo. Kalembetseni nyimbozo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, zisanafalikire. Fikani ku Music Crossroads ku Lilongwe, amene amaphunzitsa achinyamata ndi kuwalumikiza ndi anzawo akunja, ndipo muzitchera khutu ku zikondwerero za kuno kwathu. Lake of Stars yachitikapo kangapo pa Nkopola, pakhomo panu penipeni. A Sauti za Busara nawo amalandira makalata a ofuna kukaimba chaka chilichonse.

Pasipoti ipezeni pang'onopang'ono ndi ndalama za banjo ndi za usipa wa m'bwato lija, ndipo aliyense wokulonjezani viza mutamupatsa ndalama m'manja mumuthawe. Kalata yeniyeni yokuitanani imatchula bungwe, masiku, wolipira tikiti yopita ndi yobwerera, pogona, ndi malipiro anu. Ikadzafika yotere, munditumizire ndiione musanasaine.

Malume