Za achimwene anu odwala maganizo amenenso amasuta chamba

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwabwino kuwapititsa achimwene anu kumalo aja osiyitsa mowa ndi chamba, kumene anthu amakhalira limodzi miyezi ingapo, chonsecho iwo ali pa mankhwala a matenda a maganizo. Mwatinso eni malowo akuti akafika adzayambe asiya mapiritsi onse, ati nawonso ndi ozunguza bongo. Pamenepa ndikukana ndithu. Musawapereke kumeneko.

Vuto lotere, lodwala maganizo uku uli ndi chizolowezi cha chamba kapena mowa, achipatala amalitcha dual diagnosis, ndipo matenda awiriwa amakokana. Munthu akasiya mwadzidzidzi mapiritsi a matenda a maganizo monga haloperidol kapena jakisoni wake wa pamwezi, tulo timatha, mawu aja ankamva m'makutu amabwereranso, ndiye amathamangira chamba kuti mtima ukhale m'malo. Chambacho chimangokolezera matendawo. Kuchiza limodzi n'kusiya linzake kuli ngati kutunga madzi m'chidebe chobooka.

Njira yokhalira limodziyi payokha si yoipa. Inakula ku America, kuyambira ku malo otchedwa Synanon, amene Charles Dederich anayambitsa ku California mu 1958, kenako Daytop Village ku New York mu 1963. Mankhwala ake ndi gulu lenilenilo. Nonse mumadzuka nthawi imodzi, wina asese, wina aphike, m'mawa pali msonkhano, ndipo amene wakhalitsa amalangiza wobwera kumene. Koma malo oyambirira aja anali aukali, wolakwa ankakhazikidwa pakati n'kumadzudzulidwa mokalipa, ndipo ambiri sankafuna kumva za mapiritsi. Taganizani munthu amene kale amakhulupirira kuti anthu akumupangira chiwembu, lero anzake amuzungulira akumuloza chala. Ambiri otere ankangothawa.

N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 akatswiri ofufuza George De Leon ndi Stanley Sacks ku New York anaisintha njirayi poganizira anthu ngati achimwene anuwo. Misonkhano inafupikitsidwa, kukalipira kunachepa, kuyamikira kunachuluka, aliyense ankayenda pa liwiro lake, ndipo kumwa mankhwala a dokotala kunakhala gawo la kuchira.

Choncho musanalipire ngakhale tambala, pitani nokha mukaone. Funsani ngati pamabwera namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, amene amasunga mapiritsi ndani, komanso munthu akapezeka wasutanso amamutani. Mukamva za kumenya, kumanga unyolo kapena kumana chakudya, bwererani pomwepo. Kupemphera n'kwabwino, ine sindikutsutsa, bola mankhwala asaimitsidwe.

Chinanso, ngati amamwa kachasu tsiku ndi tsiku, asasiyire kunyumba kapena kumalo opanda achipatala. Masiku atatu oyambirira munthu amatha kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kukomoka, ndipo zimapha. Yambirani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, kapena kuchipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene amaona matenda a maganizo komanso vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Akadzatuluka m'pamene ntchito yanu idzakule, chifukwa anzawo osuta nawo aja akadali pomwepo. Musunge kabuku kawo kakuchipatala, tsiku la jakisoni muziwaperekeza, ndipo muwapezere chochita ndi manja ngakhale kadimba. Akadzaterereka n'kusutanso musawathamangitse pakhomo, muwatengere kuchipatala sabata yomweyo.