Manyazi a woimba payekha

Sabata ino ndalandira imelo ya mtsikana wina woimba ndi gitala. Akuti: "Anthu amati mawu anga ndi okoma, koma kuika nyimbo pa Facebook n'kumauza anthu kuti aimvere kumandichititsa manyazi, ndimaona ngati ndikudzitama. Kodi ndingafike patali chonchi?"

Achemwali, vuto lanu lakula chifukwa mumaimba nokha. M'bandi mumapezeka mmodzi wolongolola, wokonda kamera, ndipo wamanyazi amabisala kumbuyo kwake. Inu mulibe wobisalako. Mukakhala chete, nyimbo zanunso zakhala chete.

Pali anthu awiri amene ndimawakumbukira pa nkhani ngati iyi. Woyamba ndi Nick Drake wa ku England. Anatulutsa ma alubamu atatu pakati pa 1969 ndi 1972, luso lake losachita kufunsa, koma pasiteji ankangoyang'ana pansi osalankhula ndi anthu, mpaka anasiyiratu kuimba pagulu. Atolankhani ankawazemba. Nyimbo zake sizinagulidwe kwenikweni, ndipo anamwalira mu 1974 ali ndi zaka 26. Dzina lake linadzamveka iye ali kale m'manda, makamaka kampani ya Volkswagen itaika nyimbo yake mu malonda a galimoto mu 1999. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse.

Wachiwiri ndi Sia wa ku Australia. Iyeyu kutchuka kwa nkhope sankakufuna, ndiye anayamba kuvala wigi yophimba kumaso, nthawi zina n'kumaimba atafulatira anthu, wovina wina ali kutsogolo. Nkhope anabisa, inde, koma nyimbo sanabise. Ankazitulutsa, ankapita pa TV, ndipo wigi ija inasanduka chizindikiro chake.

Kusiyana kwake mwakuona? Manyazi anu sangakuletseni, bola musawalole kutsekera ntchito yanu m'chipinda. Ndipo kunena kuti "nyimbo yatsopano yatuluka Lachisanu" sikudzitama ayi, ndi kudziwitsa basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiye yambani ndi zosafuna pakamwa. Jambulani manja anu akuimba gitala, nkhope isaoneke. Lembani ziganizo ziwiri za mmene nyimboyo inabwerera. Amanyazi ambiri polemba amakhala akatswiri. Ngati nyimbo zanu zimapita pa Spotify, kudzera mu Spotify for Artists, tsamba lawo la oimba, mutha kupereka nyimbo kwa osankha ma playlist (mindandanda ya nyimbo) kutatsala masiku osachepera 7 kuti ituluke. Ndi fomu chabe, palibe amene akuyang'anani m'maso.

Za mawailesi ndi okonza zoimbaimba, pezani mnzanu wosaopa anthu kuti azikuimbirani mafoni, mugwirizane gawo lake poyambirira pomwe.

Chimodzi chokha simungatume munthu: kuimirira pamaso pa anthu. Yambani ndi kagulu ka anthu khumi, ndipo mawu oti mukanene pakati pa nyimbo muwalembe pakapepala, mumate pagitala pomwepo.