Yankho kwa achemwali odabwa ndi "People You May Know"

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji Facebook ikukuonetsani mayi wa ku Johannesburg amene simunamuonepo, nkumati muli ndi anzanu 9 ofanana. Mwati mwina foni ikumvetsera zokamba zanu. Mtima m'malo, nkhaniyi ndi ya masamu.

Tiyerekeze kuti muli ndi anzanu 300, ndipo aliyense wa iwo ali ndi ake 300. Anzawo a anzanuwo akufika 90,000, tisanachotse obwerezedwa. M'gulu limenelo Facebook imasankhamo amene mukulumikizana nawo kudzera mwa anthu ambiri, kapena amene muli nawo m'gulu limodzi, sukulu imodzi, ntchito imodzi. Imaonanso nambala za m'foni zomwe anthu anailola kuwerenga. Ngati mayiyo anasunga nambala yanu, kaya anaitenga pa gulu la WhatsApp la maliro, zimenezo nzokwana.

Zoti anthu osadziwana amalumikizana kudzera mwa anthu ochepa zinafufuzidwa kale intaneti kulibe. M'zaka za m'ma 1960, akatswiri ofufuza a ku America, Stanley Milgram ndi Jeffrey Travers, anapatsa anthu 296 a ku Nebraska ndi ku Boston makalata oti akafike kwa bambo wina wogulitsa masheya ku Boston. Lamulo linali loti usatumize kwa mwini wake ngati sukumudziwa, upatse mnzako amene ukuganiza kuti ali pafupi naye. Anafika ndi 64 okha, ndiye tisamaikometse kwambiri nkhaniyi, koma ofikawo ankadutsa m'manja mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi basi. Facebook nayo mu 2016 inawerengera anthu ake 1.59 biliyoni nkupeza kuti pakati pa anthu awiri alionse pamakhala anthu 3.57 tikatenga avareji.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi china. Mwa makalata 64 aja, 16 anadzera kwa munthu mmodzi, wogulitsa zovala. Ndiye kuti si tonse amene timalumikiza dziko, alipo anthu ochepa amene ali ngati mlatho. Kwathu kuno timawadziwa bwino: mphunzitsi amene anasamutsidwapo m'maboma anayi, dalaivala wa thiraki wodutsa pa Mwanza mwezi ndi mwezi, mayi wa Mvano amene salephera msonkhano. Paja mukakhala moyandikana ndi mlendo m'basi nkufunsana kuti "kumudzi nkuti, mfumu yanu ndani?", simufika patali musanapeze munthu amene nonse mukumudziwa, ndipo kawirikawiri amakhala wamtundu umenewu. Katswiri wina wofufuza wa ku America, Mark Granovetter, analemba mu 1973 kuti anthu ambiri amamva za ntchito kwa odziwana nawo patalipatali, chifukwa anzako apamtima amamva zomwe iwe wamva kale.

Tsono apa mpomwe ndikufuna musamale. Nambala ija ya 9 siikutanthauza kuti anthu 9 akumuikira umboni mayiyo. Ambirife timangovomera aliyense wopempha ubwenzi, ndipo akathyali amadziwa zimenezo. Amayamba apempha anthu a mpingo umodzi kapena sukulu imodzi, kuti akamafika kwa inu aoneke ngati wa pakhomo, kenako nkuyamba za "ndikupezerani ntchito ku Joni, tumizani ya transipoti". Tsegulani mndandanda wa anthu 9 aja, musankhepo amene mumamukhulupirira, mumuimbire foni mumufunse ngati anayamba waonana naye maso ndi maso mayiyu. Mudzatiuze pano zomwe akuyankheni.