Vitz ya 1.0 ingalimbe ku Salima kuno?

Achimwene, mwafunsa ngati Vitz ya 1.0 ya 2008 imene mwaipezayo ingalimbe kuno ku Salima, poti mukufuna muzipita nayo ku ntchito, nthawi zina ku Lilongwe, ndiponso kuti Loweruka izinyamula anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay. Ndaona m'makomenti ena akuti thawani, kainjini kake n'ka njinga yamoto, ena akuti Toyota siifa. Ine ndimakhalira kutsegula mainjini amenewa, ndiye ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Injini imene ili m'galimoto imeneyo dzina lake ndi 1KR-FE. Anaikonza ndi a Daihatsu, omwe ali pansi pa Toyota, ndipo inayamba kutuluka mu 2004. Ndi yomweyo imene mumaipeza mu Passo ndi Belta za 1.0, komanso ku Ulaya ili mu Aygo, Peugeot 107 ndi Citroën C1. Ili ndi masilinda atatu, kukula kwake ndi 996cc, mavavu 12, ndipo mphamvu zake ndi pafupifupi 70 horsepower. Thupi lake lonse ndi la aluminiyamu, n'chifukwa chake ndi yopepuka, siifika ndi makilogalamu 70 omwe. Ilibe lamba wa timing, ili ndi tcheni, kotero nkhawa yosintha lamba ija palibe. Kunjenjemera kumene mumakumva ikaima pamalo amodzi si matenda ayi, masilinda atatu amatero. Koma kukafika pogwedeza chiwongolero, yang'anani ma mounting, mphira zimene injini imakhalapo, amatha msanga pa galimoto zimenezi.

Ndinene mosabisa, injiniyi ndi yolimba. Zambiri zimene zimabwera pa galaja pathu zitafa sizinafe ndi ukalamba, zinafa ndi kutentha. Ndipo Salima mukumudziwa mmene amakhalira mu Okutobala ndi Novembala.

Vuto loyamba n'lakuti Vitz imeneyi ilibe singano yoonetsa kutentha kwa injini. Ili ndi kanyali kamene kamayaka m'mawa injini ikadali yozizira, ndi kena kofiira. Kofiirako kakayaka ndiye kuti zinthu zafika kale pena. Anthu amati ndingofika pa Chezi pompa ndikaime, n'kupitiriza kukwera. Aluminiyamu sapirira zimenezo. Mutu wa injini umapindika, gasket, chotsekera cha pakati pa mutuwo ndi thupi la injini, imapsa, madzi n'kulowa mu oyilo, ndipo ndalama imene mungalipire pamenepo ikanakwana kugula coolant, madzi apadera oziziritsa injini, wa zaka zambirimbiri. Kanyali kofiira kakayaka, imani pomwepo, zimitsani, ndipo musatsegule chivindikiro cha radiyeta ikadali yotentha, madzi ake amasupula khungu.

Msewu wa M14 ndi umene umaulula galimoto yodwala. Kuchoka kuno kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, koma Salima ali pansi, mamita 500 chabe kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pamwamba pa 1,000. Zitunda za ku Mvera zija kainjini ka 1.0 kamakwera kakulira, makamaka mutadzaza anthu, thumba la mpunga kumbuyo, AC ali woyatsa. Galimoto imene imayenda bwinobwino pa chigwa kuno, radiyeta yake itatsekeka theka, imakawira kumeneko.

Tsono za madzi. Musamathire madzi a pamjigo kapena a kunyanja mu radiyeta. Amasiya mchere ndi dzimbiri m'timipata ting'onoting'ono, ndipo amadya pampu ya madzi. Gulani coolant weniweni, wa Toyota amakhala wapinki, ndipo musasakanize mitundu. Pampu ya madzi ya 1KR imadziwika kuti imayamba kudontha ikakula, ndiye muzisuzumira mbali ya lamba wakunja amene amazunguza pampuyo, mukaona zoumauma zapinki kapena zoyera mudziwe kuti yayamba. Chivindikiro cha radiyeta nacho n'chotchipa koma chikatha madzi amawira msanga. Muzionanso ngati fani ikuzungulira injini ikatentha, poti ndi yamagetsi, fyuzi imodzi ikapsa basi yaima.

Pali chizolowezi china chimene ndimakangana nacho ndi amakanika anzanga. Galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam, wina amati chotsani thermostat, imeneyo ndi ya kwozizira ku Japan, kuno kumatentha. Musalole. Thermostat imatseguka madzi akafika madigiri cha m'ma 80, ndipo ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imaona ngati kukuzizirabe n'kumathira petulo wambiri, oyilo amasungunuka ndi petuloyo, mapulagi amada. Ndiye mwagula galimoto yosamwa mafuta n'kuisandutsa yakumwa. Ngati galimoto ikuwira thermostat ilimo, ndiye kuti thermostat yomweyo yafa, kapena radiyeta yatsekeka, kapena fani, kapena pampu. Kuichotsa n'kungobisa matenda. Ikafa gulani ina.

Oyilo amalowa pafupifupi malita atatu okha. Pochepa chonchi, lita imodzi ikasowa ndiye kuti gawo lalikulu lapita, choncho muzikoka dipstick kamodzi pa sabata, m'mawa, galimoto ili pamalo osapendekeka. Thirani 5W-30. Ndikudziwa ambiri amakonda 20W-50 poti ndi wotchipa komanso amati wokhuthala ndiye wamphamvu, koma injiniyi ili ndi VVT-i, chipangizo chosintha nthawi imene mavavu amatseguka, chimene chimayendera oyilo wodutsa m'timabowo topapatiza, ndipo chokokera tcheni nacho chimadalira oyilo yemweyo. Wokhuthala amachedwa kufika kumtunda mukangoliza. Ndi fumbi lathu komanso kutenthaku, ine ndimati sinthani pa makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta yake. Oyilo wa m'mabotolo a zakumwa wogulitsa m'mbali mwa msewu uja, ayi. Tcheni chimene amati sichifuna kusintha chimatha ndithu oyilo akamakhalitsa, ndipo mudzachimva chikuchita phokoso m'mawa poliza. Fyuluta ya mpweya muziitulutsa pafupipafupi ngati mumayenda m'misewu yafumbi ya ku Lifuwu kapena Khombedza, ikada sinthani, musamaichape.

Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo. Injiniyi imayenda naye bwino, palibe chodetsa nkhawa. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye petulo wokhalitsa m'zigubu, amene timathamangira mafuta akasowa, amabwera ndi madzi ndi zinyalala, ena amachita kuthiramo parafini. Zimenezo zimapha pampu ya mafuta ndi ma injector, timipopi topopera petulo mu injini. Thanki ya Vitz imeneyi ndi ya malita 42 ndipo pampu imakhala m'kati mwake, imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Chizolowezi chothira wa pang'onopang'ono, kanyali ka mafuta kali koyaka mwezi wonse, chimaifupikitsa moyo. Ikakhala bwino, lita imodzi imakupatsani makilomita apakati pa 14 ndi 18, kutengera katundu, AC ndi phazi lanu.

Mapulagi alipo atatu, silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake. Imodzi ikafa simungalephere kudziwa, galimoto imatsimphina moonekeratu. Musalole wina kuyamba kusintha zinthu mongoganizira, aike kaye kamakina kowerenga kompyuta ya galimoto, kanena silinda imene yavuta.

Chinthu chimene ndimaopa kwambiri pa Vitz ya chaka chimenecho si injini, ndi giyabokosi. Ndi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, ndipo imafuna mafuta akeake a CVT, osati ATF, mafuta a giyabokosi za otomatiki wamba. Ambiri amathiramo ATF poti botolo likufanana, pakapita miyezi galimoto imayamba kugwedezeka ponyamuka. Imadananso ndi kukakamizidwa mumchenga. Mukatitimira ku Senga Bay musamapondereze mafuta matayala akungozungulira, itanani anyamata akukankheni. Nthawi ya mvula, madzi akasefukira pa msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, musayese kuwoloka poona kuti lole yadutsa. Galimotoyi ndi yaifupi, injini ikangomwa madzi ndodo za ma piston zimapindika nthawi yomweyo.

Tsono ku funso lanu lenileni. Ngati ndi ya ku ntchito, kutchalitchi, kukasiya ana kusukulu ndi ulendo wa ku Lilongwe apo ndi apo, gulani, ikusungani bwino ndipo zipangizo zake zimapezeka. Koma za kunyamula anthu zija ndikuletseni. Tonse timaona mmene amadzaziramo, anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, ndowa za usipa m'buti. Mphamvu 70 sizinapangidwire zimenezo. Kuli ngati kumangirira mwana wa ng'ombe pa ngolo ya mchenga, akoka ndithu, koma osati kwa nthawi yaitali. Ngati bizinesi ndiyo cholinga, onjezerani ndalama mupeze Sienta kapena Probox ya injini ya 1NZ-FE, ya 1.5, masilinda anayi, mphamvu zoposa 100. Imamwako pang'ono kuposa iyi, koma siivutika ndi katundu.

Mukapita kukaiona, auzeni eni ake asailize mpaka mufike, muimve ikadali yozizira. Tsegulani pothirira oyilo muone ngati muli phala lakuda kapena zoyera ngati mkaka. Tsegulani radiyeta musanalize, kenako ilizeni muone ngati mukutuluka thovu losalekeza, chimenecho n'chizindikiro cha gasket. Funsani ngati thermostat ilimo. Makilomita olembedwa pa dashboard musawakhulupirire kwambiri, amabwezedwa, yang'anani mmene chiwongolero ndi zopondera zathera. Ndipo musangoiyesa pa Kamuzu Road pokha poti n'pathyathyathya. Thirani mafuta anu, kwezani anthu awiri atatu, yatsani AC, mulowere msewu wa ku Lilongwe mpaka mukakwere chitunda chimodzi chenicheni. Mwini wake akakana ulendo umenewo, kafuneni ina.